Jean-François Millet, Mmisiri wa Zithunzi za Alimi

Ana inu, kapena mwaona mnzanu alikulemba mbuzi pa sileti, kapena alikuumba ng'ombe ya dothi kudambo. Ena amamseka, nayesa kuti nchito yotere ndi masewera cabe. Koma alipo anthu amene nchito yao ya masiku onse ndiyo kujambula zithunzi ndi manja. Ndipo amaiphunzira zaka zambiri, monga mmisiri wa matabwa aphunzira kupala ndi kulumikiza. Lero tiwerenga za mmodzi wa amisiri otere. Iyeyu anali mwana wa mlimi, nadziwa kugwira khasu asanadziwe kugwira burashi.

Dzina lace ndi Jean-François Millet. Anabadwa pa 4 Okutobala, caka ca 1814, m'kamudzi kochedwa Gruchy, m'mbali mwa nyanja yamcere, kumpoto kwa dziko la France. Atate ace ndi amace anali alimi oopa Mulungu, osalemera, koma osasowa cakudya. Popeza amace analikukhala kumunda tsiku lonse, anamlera ndi agogo ace aakazi, munthu wokonda kupemphera. Ansembe a kumudziko anamphunzitsa kuwerenga, namphunzitsanso Cilatini, ndico cinenero ca Aroma akale. Koma iye anali woyamba wa ana aamuna, ndipo cifukwa cace sanakhoza kukhala ndi mabuku okha. Analima, nafesa, namweta udzu, nakolola tirigu, namuomba, namupeta, monga anyamata onse a kwao.

M'nyumba mwao munali Buku Lopatulika lakale lokhala ndi zithunzi. Masana, atate ace ali kupumula, mnyamatayo anatenga bukulo, nayesa kulemba zithunzi zonga zomwezo. Pambuyo pace anayamba kulemba zimene maso ace anaziona: nkhosa, makola, mitengo, ndi anthu opita kumunda. Bwenzi lace limene linalemba mbiri ya moyo wace linena kuti tsiku lina, pocokera kuchalichi, anaona nkhalamba yopindika msana irikuyenda pang'onopang'ono panjira. Atafika kunyumba anatola khala lamoto lozima, naijambula. Ndipo onse a m'nyumbamo anaizindikira nkhalambayo pomwepo.

Pamenepo atate ace anaganizira mlandu wobvuta. Kumleka mnyamatayo apite kukaphunzira kunali kutaya manja awiri amphamvu pamunda. Kumkaniza kunali kukwirira mphatso imene Mulungu anampatsa. Anasankha kumleka apite. M'caka ca 1833 anamperekeza ku mzinda wa Cherbourg, atanyamula zithunzi ziwiri za mwanayo, namuika m'manja mwa mmisiri dzina lace Mouchel. Patapita nthawi anaphunziranso kwa wina, dzina lace Langlois. Masiku amenewo makina ojambulira kunalibe. Munthu wofuna cithunzi ca nkhope yace anayenera kupita kwa mmisiri, nakhala pampando masiku angapo. Tsono nchito imeneyi inakhoza kudyetsa mwini wace.

Kuphunzira kwace kunali kotere. Wophunzira sanayambe ndi utoto ai. Anayamba ndi makala ndi pensulo, nalemba dzanja, phazi, diso ndi khutu kawirikawiri, kufikira dzanja lace litamvera diso lace. Anaphunzira makhalidwe a mafupa ndi minofu ya munthu, ndi magwedwe a mthunzi, ndi cifukwa cace cinthu cakutali cioneka cacing'ono. Anatsanziranso zithunzi za amisiri akale, kuti azindikire njira zao. Atatha izi ndipo analoledwa kusanganiza utoto ndi mafuta, ndi kupaka pa nsaru yolimba yokokedwa pa timatabwa.

M'caka ca 1835 atate ace anamwalira. Millet anabwerera kumudzi, nati m'mtima mwace asiye zithunzi, asunge amace ndi abale ace aang'ono. Koma agogo ace ndi amace anakana, namkumbutsa cifuniro ca atate ace, nambweza ku Cherbourg. Akazi awiriwa anasenza okha katundu wa munda, kuti mwana wao aphunzire.

Akuru a mzinda wa Cherbourg, poona luso lace, anampatsa ndalama za ulendo ndi za sukulu. Ndipo m'caka ca 1837 anafika ku Paris, mzinda waukuru wa dziko la France. Kumeneko analowa m'sukulu ya mmisiri womveka, Paul Delaroche. Koma mzindawo sunamkomere. Utsi, phokoso ndi khamu la anthu zinamcititsa mantha, ndipo anzace a m'sukulu anaseka mayendedwe ace ndi kusalankhula kwace, namucha munthu wa kuthengo. Cimene cinamtonthoza ndico nyumba yaikuru yosungiramo zithunzi, yochedwa Louvre. M'menemo anaima nthawi yaitali, napenyetsetsa nchito za amisiri akale, monga Michelangelo ndi Poussin, naphunzira kwa akufa zambiri zoposa zimene anaphunzira kwa amoyo.

Ku Paris kunali mwambo wakuti amisiri atumize zithunzi zao ku cionetsero cacikuru cochedwa Salon. Oweruza anasankha zina, nakana zina. Ndipo mmisiri wokanidwa anasowa ogula, pakuti anthu sanamdziwe. M'caka ca 1839 anakana cithunzi ca Millet, ndipo caka comweco ndalama za ku Cherbourg zinaleka kufika. Caka cotsatira analandira cithunzi cace cimodzi, koma njala siinacoke pakhomo. Anajambula nkhope za anthu pa mtengo wocepa, nalemba ngakhale zikwangwani za masitolo. Anakwatira m'caka ca 1841, koma mkazi wace Pauline anadwala cifuwa cacikuru, namwalira m'caka ca 1844. Pambuyo pace anatenga mkazi wina, Catherine Lemaire, amene anapirira naye umphawi wonse, nambalira ana 9.

Kuti apeze cakudya ca ana, Millet anayamba kujambula zimene ogula a mumzinda anazikonda, ndizo zithunzi zokondweretsa maso cabe, zina za anthu osabvala. Dzanja lace linali litakhwima tsopano, ndipo zithunzizo zinagulidwa. Koma anena kuti tsiku lina madzulo anamva anyamata awiri alikuceza pa zenera la sitolo, mmene munali cithunzi cace. Ndipo mmodzi anauza mnzace kuti mmisiri ameneyu sadziwa kujambula kanthu kena koma zotere. Mau awa anamlasa mtima. Anakumbukira agogo ace, ndi minda ya kwao, nacita manyazi. Anapangana ndi mkazi wace kuti adzaleka nchito yotere, angakhale umphawi wao ukule. Ndipo mkaziyo anabvomera.

M'caka ca 1848 anaonetsa ku Salon cithunzi ca munthu wopeta tirigu m'nkhokwe, atawerama ndi dengu lalikuru pa maondo, mankhusu alikuuluka. Anthu anaima nacipenya, ndipo cinagulidwa. Umu ndimo Millet anapeza njira yace. Sukulu za mumzinda zinaphunzitsa dzanja lace, koma cimene anayenera kujambula anali ataciphunzira kale kumunda kwa atate ace.

Caka ca 1849 nthenda ya kolera inagwa mu Paris. Millet anatenga mkazi ndi ana, nasamukira ku Barbizon, mudzi wa alimi m'mphepete mwa nkhalango ya Fontainebleau, ulendo wa mamailo ngati 35 kucokera ku Paris. Kumeneko anakhala pafupifupi masiku onse otsala a moyo wace. Anabvala nsapato za mtengo monga alimi anzace. M'mawa analima dimba lace, masana najambula, madzulo nayenda m'minda, napenya. Sanakonde kuimika munthu tsiku lonse kuti amjambule. Anayang'anitsa maweramidwe a msana ndi magwiridwe a dzanja, nalemba timizere pang'ono m'kabuku, nasunga zotsala m'mutu. Pofika kunyumba anayesa kawiri, katatu, kakhumi pa pepala, asanakhudze nsaru. Cithunzi cimodzi cinakhoza kumtengera miyezi yambiri, cina zaka.

Tiyeni tipenye zithunzi zace zitatu zomveka. Coyamba ndi Wofesa, ca m'caka ca 1850. Mnyamata alikutsika pa mtunda ndi mapazi akuru, thumba la mbeu ku dzanja lamanzere, dzanja lamanja liri kumwaza. Nkhope yace yabisika mumthunzi, ndipo mbalame zirikumtsata m'mbuyo. Yense wocipenya akumbukira fanizo lija la wofesa m'Uthenga Wabwino.

Caciwiri ndi Okunkha, ca m'caka ca 1857. Akazi atatu osauka alikutola ngala za tirigu zotsala m'munda wa mwini cuma. Awiri awerama kufikira pansi, wacitatu alikuweramuka pang'ono, monga munthu womva msana. Kutali kuoneka miulu yaikuru ya zokolola, ndi gareta, ndi anchito ambiri, ndi kapitao wokwera pa kavalo. Mudziwa kuti cilamulo ca Mose cinalamulira eni minda asiyire aumphawi khunkha, ndi kuti Rute anakunkha m'munda wa Boazi. Millet anadziwa bwino nkhani imeneyo, pakuti anaijambulanso m'cithunzi cina cimene cinampatsa mphotho m'caka ca 1853.

Cacitatu ciri ndi dzina la Angelus, ndilo pemphero limene Akatolika amapemphera pomva belu m'mawa, masana ndi madzulo. Anacitsiriza m'caka ca 1859. Mwamuna ndi mkazi aima m'munda wa mbatata dzuwa litapendeka. Cokumbira cazikidwa m'nthaka, dengu liri pa mapazi ao, mwamuna wabvula cipewa, mkazi wagwira manja pacifuwa, ndipo nsanja ya chalichi ioneka kutali. Pojambula ici Millet anakumbukira agogo ace, amene pomva belu analeketsa ana nchito kuti apempherere akufa.

Musayese kuti anthu onse anakondwera nazo zithunzi izi. Eni cuma ambiri anazolowera kuona zithunzi za mafumu, za nkhondo ndi za milungu ya Agriki; tsono anakwiya poona mlimi wa zobvala zong'ambika ataikidwa pa nsaru monga munthu wolemekezeka. Anakumbukiranso cipolowe ca m'caka ca 1848, pamene anthu a ku Paris anacotsa mfumu yao, naopa kuti mmisiriyu alikuutsa mitima ya osauka. Pamene anaonetsa, m'caka ca 1863, cithunzi ca munthu wotopa atatsamira khasu lace, kukamwa kuli yasa, olemba manyuzipepala anamtonza koopsa. Koma Millet sanasinthe. Iye anajambula kutopa cifukwa anakudziwa m'thupi mwace.

Zaka zimenezo zinali za usiwa. Mangawa anamcurukira, mutu unamuwawa kawirikawiri, ndipo nthawi zina nkhuni ndi mkate zinasowa m'nyumba. Agogo ace anamwalira m'caka ca 1851, ndi amace m'caka ca 1853, iye osawaonanso, pakuti analibe ndalama za ulendo. Koma Mulungu anampatsa abwenzi. Alfred Sensier anamtumizira utoto, nsaru ndi ndalama, namfunira ogula; ndiye amene analemba mbiri yace pambuyo pace. Mmisiri mnzace wa ku Barbizon, Théodore Rousseau, anagula cithunzi cace cimodzi ndi ndalama zace za iye mwini, nanena kuti wogula ndi mlendo wa ku America, kuti bwenzi lace lisacite manyazi.

Ulemu unafika mocedwa. Pa cionetsero cacikuru ca maiko onse ku Paris, m'caka ca 1867, zithunzi zace zinaikidwa pamodzi, ndipo anthu anazindikira ukuru wace. M'caka ca 1868 boma la France linampatsa cizindikiro ca ulemu. Koma mphamvu zace zinali zirikutha. Anamwalira ku Barbizon pa 20 Januwale, 1875, ali ndi zaka 60, naikidwa ku Chailly pafupi ndi manda a Rousseau.

Tamvani tsono codabwitsa. Cithunzi cija ca Angelus, mwini wace anacigulitsa mafranki 1,000, ndizo ndalama za ku France za masiku aja. M'caka ca 1889, iye atagona m'manda zaka 14, cinagulidwa mafranki 553,000, ndipo ana ace sanalandirepo kanthu. Anthu ambiri anaona kuti ici si cilungamo. Ndipo m'caka ca 1920 dziko la France linaika lamulo lakuti cithunzi cikagulitsidwanso pa msika, mmisiri kapena ana ace alandireko gawo. Lero Angelus ndi Okunkha zisungidwa ku Paris m'nyumba yochedwa Orsay, ndipo Wofesa ali ku Boston, m'dziko la America. Amisiri a m'mbuyo mwace anaphunzira kwa iye, makamaka Vincent van Gogh wa ku Holland, amene anatsanzira Wofesa kawirikawiri, monga Millet mwini anatsanzira zithunzi za m'Buku la atate ace.

Tsono ana inu, wina wa inu akakhala nayo mphatso yotere, asainyoze, ndipo anzace asamseke. Ayambe ndi cimene ali naco, khala kapena dothi kapena sileti, alembe tsiku ndi tsiku, osatopa ndi kubwereza, amvere omphunzitsa. Ndipo asayese kuti zinthu zoyenera kujambula ziri kutali kumizinda yokha. Apenye amace posinja pamtondo, atate ace popanga mizere, mlongo wace pobwera kumadzi ndi mtsuko pamutu. Millet anapita ku Paris, nakhalako zaka zambiri, asanazindikire kuti nchito yace inamdikira kumunda.