Mzungu Amene Anaphunzira Chimang'anja Atakula Kale

Anzanga, mukamachokera ku Ndirande kulowera m'tauni kudzera pa HHI, mumaona tchalitchi chanjerwa chija cha St Michael and All Angels. Ambirife timangodziwa kuti n'chakalekale, basi. Komatu amene anatsogolera ntchito yochimanga ali ndi phunziro kwa ife amene Chingerezi chikutisowetsa tulo. Dzina lake ndi David Clement Scott.

Scott anabadwa mu 1853 ku Edinburgh m'dziko la Scotland, ndipo anaphunzira payunivesite ya komweko n'kukhala mbusa. Anafika ku Blantyre mu 1881 ali ndi zaka 28. Anapeza mbiri ya mishoni itaipa, chifukwa ena mwa amishonale oyamba ankakwapula anthu ngati kuti iwo ndiwo boma. Kuti anthu amukhulupirire, anayenera kuwamva ndi kuwayankha m'chiyankhulo chawo, Chimang'anja.

Nanga munthu wamkulu amaphunzira bwanji chiyankhulo chachiwiri? Akatswiri amasiyana maganizo. Akale ankati chinsinsi n'kubwereza ndi kuloweza mpaka lilime lizolowere. Mu 1967 Eric Lenneberg anati ubongo umagwira chiyankhulo mosavuta mwana asanathe msinkhu. Stephen Krashen anati timachitola tikamamva ndi kuwerenga zinthu zomveka koma zotiposa pang'ono, ndipo mantha amatseka mutu. Mu 1985 Merrill Swain anawonjezera kuti kumva kokha sikukwanira, uyeneranso kuyankhula ndi kulemba kuti uone pamene ukupunthwa.

Scott anamwalira atatuwa asanabadwe, koma taonani zimene ankachita. Ankakhala pansi ndi mafumu ndi akuluakulu kukambirana milandu mwa mwambo wa kuno, ndipo pamlandu paja sungangoloweza mawu, umayenera kumvetsera bwino kenaka n'kuyankha. Kuyambira 1888 mpaka 1891 anagwira ntchito ndi anthu akuno pomanga tchalitchi chija, ngakhale iye sanaphunzirepo zomangamanga. Tangoganizani mawu amene munthu angatole zaka zitatu ali pakati pa oumba njerwa ndi amisiri!

Zipatso zake zinaoneka mu 1892 pamene anatulutsa dikishonale yotchedwa A Cyclopaedic Dictionary of the Mang'anja Language, ya masamba oposa 700. Simndandanda wa mawu chabe ayi. Muli ziganizo zosonyeza mmene liwu limagwirira ntchito, komanso miyambo ndi zochita za anthu. Ankadziwa kuti liwu ukalizula pamalo pake limafota. Mnzake Alexander Hetherwick anadzaikonzanso n'kuitulutsa mu 1929.

Chiyankhulo chinamuthandizanso kuona nzeru za eni ake. Anasankha Aafirika asanu ndi awiri kukhala madikoni, ndipo mmodzi anali Harry Kambwiri Matecheta, amene anadzadzozedwa ubusa mu 1911. Azungu ambiri a minda sanakondwe nazo zoti wakuda apatsidwe udindo, ndipo ankamunena kwambiri. Mkazi wake anamwalira mu 1895, thanzi lake linafooka, ndipo mu 1898 anachoka ku Blantyre. Mu 1901 anapita kukatumikira ku Kikuyu m'dziko la Kenya, komwe anamwalira mu 1907.

Tsono tibwerere kwa ife. Tonse tikudziwa kuti ukalakwa Chingerezi pa MSCE, satifiketi palibe, ngakhale masamu ukhoze bwanji. Ena timati takula, mutu unauma. Ena timangoloweza malamulo a galamala koma pakamwa tili duu, kuopa kusekedwa. Zoona, amene anayamba ali wamng'ono katchulidwe kamamuphwekera. Koma Scott anayamba ali ndi zaka 28, ndipo patatha zaka 11 analemba buku lophunzitsa ena.

Ndiye aise, tsegula wailesi umvere nkhani za Chingerezi utamva kale za Chichewa, uona kuti zambiri uzitola. Bwereka buku losavuta, uliwerenge mpaka kumapeto. Pa dibeti imika mkono, ngakhale mawu athyoke. Ndipo iwe wokonda kuseka mnzako akaphonya, dziwa kuti ukumutsekera khomo lomwe nawenso ukufuna kudzera. Chichewa chathu tisachitaye, paja munthu wina anawoloka nyanja n'kuchilembera masamba 700. Chingerezi tingochiwonjezera pamwamba.

Wolemba: mnzanu wa Folomu 3