Camillo Golgi: Dokotala Amene Anaonetsa Dziko Maselo a mu Ubongo

Dzina lakuti Golgi, limene ana a sukulu za sekondale ku Petauke ndi ku Nyimba amalipeza m'mabuku a sayansi, ndi la dokotala wa ku Italy amene anatsegula njira yoonera maselo a mu ubongo. Anafufuzanso malungo, matenda amene amasautsa maboma awiriwa makamaka m'nyengo ya dzinja.

A Camillo Golgi anabadwa pa 7 July 1843 m'mudzi wa Corteno, kumpoto kwa Italy. Atate awo analinso dokotala. Anatsiriza maphunziro a udokotala pa yunivesite ya Pavia mu 1865, ndipo mu 1872 anayamba nchito pa cipatala ca odwala matenda okhalitsa ku Abbiategrasso.

Pa cipatalaci panalibe malo ofufuzira, motero iwo anasandutsa khichini kukhala labotale. Masiku amenewo, kacidutswa ka ubongo kakaikidwa pa maikulosikopu kanali kuoneka ngati ulusi wopiringizana. Mu 1873 a Golgi anapeza kuti akaviika kacidutswako mu potassium dichromate, kenaka mu silver nitrate, maselo owerengeka okha amada bii, ena onse osasintha. Selo limodzi linayamba kuoneka lonse lathunthu, ngati mtengo wouma woima paokha m'dambo.

Ndi njira imeneyi anasiyanitsa mitundu iwiri ya manyuroni, maselo onyamula mauthenga m'thupi. Mtundu woyamba uli ndi nthambo yaitali yotumiza uthenga kutali, monga kucokera mu msana kukafika ku minofu ya mwendo. Waciwiri uli ndi nthambo yaifupi yothera pakati pa maselo oyandikana nawo. Anafotokozanso maselo othandizira ochedwa glia, naonetsa kuti timanthambi ta ena mwa iwo timagwira mitsempha ya magazi. Lero kukudziwika kuti glia amadyetsa manyuroni, amawateteza ku tizilombo, ndipo ena amakuta nthambo zawo kuti uthenga uthamange.

Kuyambira mu 1885 anatembenukira ku malungo. Anaonetsa kuti thupi limatentha pa nthawi imene tizilombo taswana ndi kuphulitsa maselo ofiira a magazi, ndipo kuti mtundu wina umatero pa maola 48 alionse pamene wina umatero pa maola 72.

Komabe pa mfundo yaikulu a Golgi anaphonya. Anakhulupirira kuti nthambo za manyuroni n'zolumikizana ngati ukonde umodzi. A Santiago Ramón y Cajal a ku Spain, pogwiritsa nchito njira ya a Golgi yomweyo, anaonetsa kuti nyuroni iliyonse ndi selo loima palokha. Awiriwa anagawana mphoto ya Nobel mu 1906, ndipo ngakhale pa mwambowo ku Stockholm a Golgi sanasinthe maganizo. M'zaka za m'ma 1950 maikulosikopu amphamvu kwambiri anaonetsa kampata kolekanitsa manyuroni, kutsimikizira kuti a Cajal ndiwo analondola.

A Golgi anamwalira ku Pavia pa 21 January 1926 ali ndi zaka 82. Mudzi wa kwawo tsopano umachedwa Corteno Golgi, ndipo njira yawo yodetsera maselo ikali kugwiritsidwa nchito ndi ofufuza za ubongo.