Robert Laws

Robert Laws (28 Meyi 1851 – 6 Ogasiti 1934) anali m'mishonale, dokotala komanso mmisiri wa matabwa wa ku Scotland. Adatsogolera mishoni ya Livingstonia kwa zaka pafupifupi 50, ndipo amakumbukiridwa poyambitsa sukulu yomwe idaphunzitsa Amalawi ambiri ukalipentala ndi ntchito zina zamanja.

Ubwana ndi maphunziro

Laws adabadwira ku Aberdeen. Bambo ake, omwenso dzina lawo linali Robert Laws, anali mmisiri wokhoza mipando, matebulo ndi makabati. Banjali silinali lolemera, choncho mwanayo adalowa ntchito ya bambo ake ali wamng'ono: masana ankagwira sowo, puleni ndi tchizulo, madzulo n'kumapita kusukulu. Kenako adaphunzira pa yunivesite ya Aberdeen, nachita zaubusa ndi zaudokotala.

Ku Nyanja ya Malawi

Mu 1875 adabwera ndi gulu lotsogozedwa ndi E. D. Young pa sitima ya Ilala. Pa mathithi a Shire sitimayo idaphwasulidwa, anthu n'kuisenza pamutu, ndipo idalumikizidwanso kumtunda. Idalowa m'nyanja pa 12 Okutobala 1875. Mishoni idayambira ku Cape Maclear, koma malungo adapha anthu angapo, motero idasamukira ku Bandawe mu 1881. Mu 1879 Laws adakwatira Margaret Gray ku Blantyre. Adamasuliranso Chipangano Chatsopano m'Chinyanja.

Sukulu ya Khondowe

Mu 1894 Laws adatsegula sukulu pa phiri la Khondowe, yomwe idatchedwa Overtoun Institution. Kupatula uphunzitsi ndi ubusa, anyamata ankaphunzira ukalipentala, kumanga nyumba, kusindikiza mabuku ndi ulimi. Kusema sikudali kwachilendo kuno, pakuti makolo ankasema mitondo, mipini ndi mabwato pogwiritsa ntchito nkhwangwa ndi kasemasema. Chachilendo chinali kucheka matabwa ndi kukhoza zitseko, mazenera ndi mipando. Luso limene Laws adalitengera kwa bambo ake lidafika chotero m'manja mwa ana a kuno.

Ntchito ya mishoniyi idafika ku Kasungu kudzera mwa Dr George Prentice, cha m'ma 1900. Hanock Msokera Phiri wa ku Kasungu, malume a Hastings Kamuzu Banda, adaphunzira ku Khondowe. M'zaka za m'ma 1920 dera la Kasungu lidaperekedwa kwa mishoni ya Dutch Reformed ya ku Nkhoma.

Zomwe ankamudzudzula nazo

Nyasaland inalibe ntchito zokwanira amisiri, kotero ophunzira ambiri adakathera ku Rhodesia ndi South Africa. Mishoni idachedwanso kudzoza abusa akuda: oyamba, kuphatikizapo Yesaya Zerenji Mwasi, adadzozedwa mu 1914, ndipo Mwasi adatuluka mumpingo mu 1933.

Imfa

Laws adachoka ku Nyasaland mu 1927. Adamwalirira ku London mu 1934 ndipo adaikidwa m'manda ku Aberdeen.