Kamuzu adasaka udotolo zaka zoposa 20

Zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikangotuluka, nkhani m'makomo ambiri pa Nselema, Ntaja mpaka ku Ulongwe imakhala imodzi: kodi mwanayu akaphunzire chiyani kuyunivesite? Bambo amafuna udotolo, mayi amati uphunzitsi ndiye wodalirika, pomwe malume amene adagulitsa mpunga ndi nandolo kuti fizi ipezeke amalimbikira zamalamulo. Mwini wake nthawi zambiri amafunsidwa pomaliza.

Funso lomweli lidamuvutapo Hastings Kamuzu Banda, mtsogoleri woyamba wa dziko lino. Ambiri amamukumbukira ndi litchowa, chipewa chakuda ndi magule a amayi, koma asadakhale Ngwazi, mkuluyu adali mwana wasukulu wosauka amene adasankha ntchito ali wamng'ono n'kutha zaka zoposa 20 akuithamangitsa.

Kamuzu adabadwira kufupi ndi boma la Kasungu. Boma lake linkati adabadwa pa 14 May 1906, koma olemba mbiri ambiri amati chidali chaka cha 1898 kapena chapafupi pomwepo. Adayamba sukulu m'masukulu a mishoni ya Livingstonia kwawo komweko, ndipo malume ake, Hanock Msokera Phiri, adali mphunzitsi. Masiku amenewo mwana wanzeru wa ku Nyasaland adalibe zambiri zoti asankhe. Ukapanda kukhala mphunzitsi kapena mlaliki, ndiye kuti ukhala kalaliki kwa bwanamkubwa. Kamuzu naye adalunjika kuuphunzitsi.

Koma mu 1915 zidasokonekera. Olemba mbiri yake amati polemba mayeso olowera maphunziro a uphunzitsi, mnyamatayu, yemwe adali wamfupi ndipo adakhala kumbuyo, adaimirira kuti aone bwino pabolodi. Woyang'anira mayeso adaganiza kuti akuonera ndipo adamutulutsa. Mzungu amene adamutulutsayo adali m'busa T. Cullen Young, ndipo chodabwitsa n'chakuti patatha zaka 31, mu 1946, awiriwa adatulutsa limodzi buku lotchedwa Our African Way of Life.

Manyazi atamugwira, Kamuzu adauyamba wapansi kulowera kummwera. Adakaima ku Hartley m'dziko la Southern Rhodesia, komwe lero ndi Chegutu ku Zimbabwe, n'kupeza kantchito kotumikira pachipatala. Akuti apa ndi pomwe maganizo a udotolo adamulowa, ataona momwe odwala achikuda ankasamalidwira. Sadasankhe ntchitoyi chifukwa choimva dzina lake kukoma. Adayamba waiona ndi maso, fungo lake lomwe n'kulinunkhiza.

Kuchoka apo adapitirira ku South Africa. Adagwirako kumgodi wa malasha ku Natal, kenaka n'kukhala kalaliki pamgodi wa Witwatersrand Deep kufupi ndi Johannesburg, uku akuphunzira usiku. Kumeneko adalowa mpingo wa African Methodist Episcopal, ndipo bishopu wa mpingowo, W.T. Vernon, adalonjeza kumuthandiza maphunziro ku America. Mu 1925 adakwera sitima yapamadzi.

Ku America sadafikire kuyunivesite ayi. Ngakhale adali bambo wandevu zake, adayenera kukhala pabenchi la sekondale ku Wilberforce m'chigawo cha Ohio mpaka 1928. Atamaliza adalowa Indiana University komwe adayamba maphunziro okonzekera udotolo.

Apa ndi pomwe adachita chinthu chomwe makolo ambiri a lero sangachilandire. Atakhala zaka ziwiri ku Indiana, adasamukira ku University of Chicago n'kukatenga maphunziro a mbiri ndi ndale. Digiri yake yoyamba, yomwe adalandira mu 1931, sidali ya mankhwala konse. Tangoganizani kalata yotere itafika kumudzi: mwana amene mudamutuma udotolo akukuuzani kuti akuwerenga za mafumu akale a ku Ulaya!

Ali ku Chicago komweko adathandiza katswiri wa zinenero, Mark Hanna Watkins, amene ankafufuza kapangidwe ka Chichewa. Kamuzu ndiye ankamuuza mawu ndi ziganizo, ndipo ntchitoyo idabala buku la galamala ya Chichewa lomwe lidatuluka mu 1937. Amene amadabwa kuti n'chifukwa chiyani mtsogoleriyu ankakonda kudzudzula anthu pa kayankhulidwe ka Chichewa, ndiponso chifukwa chomwe mu 1968 chidakhalira chinenero cha dziko, angayambire kuyang'ana pamenepa.

Komabe udotolo sadautaye. Adalowa Meharry Medical College mumzinda wa Nashville ku Tennessee, sukulu yophunzitsa madotolo achikuda, ndipo adamaliza mu 1937. Sadali Mmalawi woyamba kudutsa pakhomo limeneli. Daniel Sharpe Malekebu wa ku Chiradzulu, amene adadzatsegulanso mishoni ya PIM ya John Chilembwe mu 1926, adamaliza udotolo pasukulu yomweyo mu 1917.

Ndiye bwanji sadangonyamula chikwama n'kubwerera kwawo? Vuto lidali pepala. Nyasaland idali pansi pa Britain, ndipo kuti munthu aloledwe kugwira udotolo mokwanira m'maiko a Angerezi ankayenera kukhala ndi ziphaso zovomerezeka ku Britain. Digiri ya ku America payokha siyidali yokwanira. Choncho dotolo wathunthu adabwereranso m'kalasi ku Edinburgh m'dziko la Scotland, komwe adalandira ziphaso zofunikazo mu 1941.

Msampha umenewu udakalipo mpaka pano. Mwana akhoza kupita kunja, makolo n'kugulitsa mbuzi ndi munda, koma pobwera ndi digiri ya udotolo ayenerabe kuvomerezedwa ndi bungwe la Medical Council of Malawi asadakhudze wodwala. Kufunsa ngati pepalalo lidzagwire ntchito kwanu n'kofunika mwana asadakwere basi, osati atabwerako.

Kamuzu adakonza mapepala onse, koma khomo lidatsekedwabe. Atafuna kukagwira ntchito kumishoni ya Livingstonia, anamwino achizungu kumeneko adakana kugwira ntchito pansi pa dotolo wachikuda. Nalo boma la atsamunda lidamuikira malire pa nkhani yocheza ndi madotolo achizungu, zomwe iye sadagwirizane nazo. Dziko lomwe lidali ndi madotolo owerengeka lidalola mwana wake wophunzira chotere kukhala kunja chifukwa cha khungu basi.

Choncho amene adapindula ndi maphunziro ake adali Angerezi. Adagwira ntchito ku Liverpool ndi ku North Shields nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kenaka mu 1945 adakhazikika ku London komwe adali ndi chipatala chakechake ndipo odwala ake ambiri adali azungu. Amakumbukiridwa kuti ankathandiza osauka ngakhale alibe ndalama, komanso ankalipirira fizi ana a sukulu a ku Africa. Mu 1953 adasamukira ku Gold Coast, yomwe lero ndi Ghana, n'kukagwira ntchito ku Kumasi.

Nthawi yonseyi digiri ija ya mbiri ndi ndale, yomwe inkaoneka ngati kutaya nthawi, inkagwira ntchito mwakachetechete. Kunyumba kwake ku London kunkasonkhana omenyera ufulu a ku Africa, ndipo iye adalemba ndi kuyankhula motsutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Achinyamata a chipani cha Nyasaland African Congress monga Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume atafuna munthu wamkulu woti awatsogolere, adamuitana iyeyu. Udotolo udamupatsa ulemu pamaso pa mafumu ndi azungu, koma chomwe adamuitanira chidali ndale.

Adatera pa Chileka pa 6 July 1958, patatha zaka zoposa 40 ali kunja, Chichewa chitamuthawa moti pamisonkhano ankayankhula Chingerezi wina n'kumatanthauzira. Mu March 1959 adamangidwa n'kukatsekeredwa ku Gwelo, adatuluka mu April 1960, ndipo pa 6 July 1964 Malawi idalandira ufulu iye ali nduna yaikulu. Mu 1966 adakhala pulezidenti ndipo mu 1971 adakhala wamuyaya.

Ubale wake ndi anthu ophunzira sudali wokoma monga momwe munthu angayembekezere kwa amene adavutikira sukulu chotere. Patangotha miyezi iwiri chilandirireni ufulu adakangana ndi nduna zake zomwe zidamuitana zija. Akuluakulu a ku Machinga amakumbukira February 1965 pomwe gulu la Chipembere, litachoka ku Fort Johnston kulowera ku Zomba, lidakakanika kuwoloka Shire pa Liwonde. M'zaka zotsatira ophunzira ambiri adathawa m'dziko muno, ena adatsekeredwa popanda mlandu. Jack Mapanje, mphunzitsi wa ku Chancellor College, adakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osaonekera kukhoti.

Adamanganso zambiri, izi n'zosatsutsika. Yunivesite ya Malawi idatsegula zitseko mu 1965, ndipo mu 1981 adatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama komwe adalamula kuti ana aziphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Koma n'zodabwitsa kuti pansi pa mtsogoleri yemwe adali dotolo, dziko lino lidadikira mpaka 1991 kuti likhale ndi sukulu yakeyake ya madotolo, College of Medicine ku Blantyre. Zaka zonse zam'mbuyomo, wofuna udotolo ankayenera kutuluka m'dziko monga adachitira iye mwini.

Pachisankho cha pa 17 May 1994 adagonja kwa Bakili Muluzi wa ku Kapoloma m'boma la Machinga, ndipo adavomera zotsatira. Adamwalira pa 25 November 1997 kuchipatala ku Johannesburg, dera lomwe kale adali kalaliki wa pamgodi, ndipo adaikidwa ku Lilongwe. Mu 2021 College of Medicine idaphatikizidwa ndi Kamuzu College of Nursing kukhala Kamuzu University of Health Sciences.