Jack Chamangwana, Mphunzitsi wa Mpira

Mwezi uno tifuna kukumbutsa owerenga athu za moyo wa Jack Chamangwana. Kuno ku Ntcheu tidziwa bwino za amuna opita ku Joni: ena abwerako ndi njinga ndi zobvala, ena akhala macona osaonekanso. Munthu uyu anapitanso komweko, koma cuma cimene anabwera naco ndico nzeru, ndipo sanazibisa.

Anabadwa m'caka ca 1957. Akali mnyamata analowa m'gulu la mpira la Wanderers ku Blantyre, nakhala wocinga kumbuyo. Anasewerera dziko lathu masewera 133, nakhalanso mtsogoleri wa anzace pabwalo. Anali pomwepo pamene Malawi anatenga cikho ca maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa m'1978 ndi 1979, ndiponso pamene analowa koyamba mumpikisano wa Africa yense ku Ivory Coast m'1984.

M'1986 anamuitana a Kaizer Chiefs ku Johannesburg. Kumeneko anampatsa dzina lakuti Black Stone, ndiko kunena Mwala Wakuda, pakuti ofuna kugoletsa akafika pa iye anali kuphunthwa. Ndipo m'1988 eni gulu anamuika akhale mphunzitsi wa anthu omwewo amene anali kusewera nao.

Tsono tilingalire kulemera kwa nchito imeneyi. Wosewera asamala miyendo yace yokha. Koma mphunzitsi asenza anthu khumi ndi mmodzi, aliyense ndi mtima wace. Ayenera kudzudzula bwenzi lace ladzulo, ndi kukhazika pansi wochuka kuti mwana wosadziwika alowe. Gulu likapambana, anthu atama anyamata. Likagonja, woyamba kucotsedwa ndiye mphunzitsi. Chamangwana anausenza mtolo uwu ali mlendo m'dziko la eni.

Atabwera kwao anaphunzitsa gulu la dziko lonse m'1998 ndi 1999, ndipo pambuyo pace anakaphunzitsa Young Africans ku Dar es Salaam. Atacoka pa mpando wa ulemu sananyoza kutumikira ena akhalapo. Anakhala mkulu woyang'anira maphunziro a mpira m'bungwe la FAM, ndipo m'masiku amenewo Malawi, pansi pa Kinnah Phiri, anapita ku Angola m'2010, nagonjetsa Algeria zigoli zitatu kwa cabe. Potsiriza anabwerera ku Wanderers kumene anayambira, nakhala mlangizi wao. Ndipo m'2017 anatenga cikho ca ligi cimene anacisowa kuyambira 2006.

Anamwalira m'cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre pa 6 May 2018, ali ndi zaka 61.

Inu anyamata amene mukankha mpira wa nsanza pa mabwalo a sukulu zathu, kumbukirani kuti liwiro litha ndi ukalamba, koma cimene munthu aphunzitsa ena cikhala. Ndipo inu akulu amene munayenda kutali, kodi mwawapatsa ciani ana a m'mudzi mwanu?