Richard Bright

Richard Bright (28 Seputembala 1789 – 16 Disembala 1858) anali dokotala wa ku England amene ankagwira ntchito pachipatala cha Guy's mumzinda wa London. Amadziwika chifukwa chosonyeza kuti kutupikana kwa thupi ndi kupezeka kwa puloteni mumkodzo nthawi zambiri kumachokera ku impso zowonongeka. Kwa zaka pafupifupi 100, matenda ambiri a impso ankangotchedwa matenda a Bright.

Ubwana ndi maphunziro

Bright anabadwira ku Bristol m'banja lolemera. Bambo ake anali wamalonda komanso ankayendetsa banki. Anaphunzira pa yunivesite ya Edinburgh ndi pa Guy's, ndipo anatenga digiri ya udokotala mu 1813. Ankakonda maulendo ndi kujambula: mu 1810 anapita ku Iceland, ndipo mu 1818 anatulutsa buku la ulendo wake wa ku Hungary. Anayamba ntchito pa Guy's mu 1820.

Kafukufuku wa impso

Masiku amenewo wodwala wotupa miyendo, mimba ndi nkhope ankaganiziridwa kuti ali ndi vuto la mtima kapena chiwindi. Madokotala ena, monga John Blackall mu 1813, anali ataona kale kuti mkodzo wa ena mwa odwalawa umaundana ukatenthedwa, koma sanatsimikize gwero lake.

Njira ya Bright inali yosavuta. Ankathira mkodzo pasupuni n'kuutenthetsa pa kandulo. Ukakhala ndi puloteni, unkachita mbuu n'kuundana ngati choyera cha dzira. Ankalemba zonse zimene waona wodwalayo ali moyo, ndipo akamwalira ankapima mtembo wake. Mobwerezabwereza ankapeza impso zosintha: zina zotupa ndi zotuwa, zina zolimba, zofota ndi zokhakhala. Katswiri wa kemisitiri John Bostock ndiye ankamupimira mkodzo ndi magazi. Zotsatira zake zinatuluka mu 1827 m'buku lotchedwa Reports of Medical Cases, lomwe linali ndi zithunzi zamitundu za impsozo.

Mu 1836 anafotokoza za odwala 100 amene anamwalira ndi matendawa. Ambiri mwa iwo anali ndi mtima wokula mbali ya kumanzere, ngakhale kuti mavavu a mtimawo anali abwino. Bright anaganiza kuti mwina magazi osinthika ndiwo ankachititsa mtima kupopa movutikira. Apa anayandikira kwambiri mfundo ya kuthamanga kwa magazi, koma chida choyezera pamkono chinabwera mu 1896, iye atamwalira kalekale.

Mu 1842 chipatala cha Guy's chinamupatsa mawodi awiri a odwala impso okhaokha, ndi chipinda chaching'ono chopimiramo mkodzo ndi magazi.

Chithandizo

Pa nkhani yochiza, Bright analibe zambiri zoti apereke. Ankagwiritsa ntchito njira za nthawi yake: kuchotsa magazi, mankhwala otsegula m'mimba, kutulutsa thukuta ndi kugoneka wodwala pamalo ofunda. Kuchotsa magazi kuyenera kuti kunkafooketsa anthu amene anali kale ndi magazi ochepa. Makina otsuka magazi a dialysis anapangidwa ndi Willem Kolff ku Netherlands mu 1943.

Lero dzina loti matenda a Bright linasiyidwa, popeza zinadziwika kuti linkaphimba matenda osiyanasiyana. Impso zikakhala zowonongeka kwa miyezi yoposa itatu, madokotala amati ndi matenda a impso okhalitsa, ndipo zoyambitsa zazikulu ndi shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kufufuza puloteni mumkodzo kukadali njira imodzi yoyambirira yowazindikirira, kungoti m'malo mwa supuni ndi kandulo pali kapepala koviika ndi makina a mu labotale.

Zaka zomaliza

Pa Guy's ankagwira ntchito limodzi ndi Thomas Addison ndi Thomas Hodgkin, omwenso mayina awo anapatsidwa ku matenda. Mu 1837 anasankhidwa kukhala mmodzi wa madokotala a Mfumukazi Victoria. Anamwalira ku London ndi matenda a mtima ali ndi zaka 69, ndipo anaikidwa kumanda a Kensal Green.