William Herschel, katswiri wa nyimbo amene anazindikira madzi oundana a pa Mars

A William Herschel anabadwa pa 15 November 1738 mumzinda wa Hanover ku Germany. Atate ao anali oimba m'bandi ya asilikali, ndipo iwo anatengera luso lomwelo. Anasamukira ku England m'caka ca 1757, ndipo mu 1766 anapatsidwa nchito yoliza limba m'chalichi ku Bath.

Akaweruka ku nyimbo, anali kusula okha makina oonera zakumwamba, mothandizidwa ndi mlongo wao Caroline. Pa 13 March 1781 anatulukira pulaneti ya Uranus. Caka cotsatira Mfumu George III inayamba kuwalipira mapaundi 200 pacaka, motero anasiya kudyera nyimbo.

Nchito yao pa pulaneti ya Mars sichulidwa kawirikawiri, komatu njofunika. Mawanga oyera a kumpoto ndi kumwera kwa Mars anali ataonedwa kale ndi ena, monga Giacomo Maraldi mu 1719, koma cimene anali sicinadziwike. A Herschel anawayang'anitsitsa kuyambira 1777 mpaka 1783. Anapeza kuti banga lililonse limakula m'nyengo yozizira ya mbali yake, n'kucepa dzuwa likabwerera. Mu 1784 anadziwitsa bungwe la Royal Society kuti mawangawo ndi madzi oundana, monga a kumalekezero kwa dziko lathu.

Analondola, ngakhale kuti si zonse. Mu 1969 combo ca Mariner 7 cinaonetsa kuti zoyera zimene zimabwera ndi kupita kumwerako ndi mpweya wa carbon dioxide wouma gwa ndi cisanu. Madzi oundana enieni ali pansi pake. Kumpoto afalikira makilomita pafupifupi 1,000, atasanjikizana ndi fumbi m'mizere imene imasunga mbiri ya kusintha kwa nyengo. Kumwera, zithunzi za Mars Global Surveyor za mu 1999 ndi 2001 zinaonetsa maenje ozungulira, amene zipupa zake zimadyeka mamita ngati 3 pa caka cimodzi ca Mars. Zoterezi makina a a Herschel sakanatha kuziona.

Mu 1800 anatulukiranso kuwala kosaoneka ndi maso kochedwa infrared. Anamwalira pa 25 August 1822 ku Slough, ali ndi zaka 83.